Mphoto ya Cy Young isamatengere zipambano za timu

Akonzi,

Sindikugwirizana ndi omwe akuti mphoto ya Cy Young, ya katswiri woponya mpira mu baseball ya ku America, izipita kwa yemwe wapambana masewero ambiri. Ndakhala ndikuchezera masewerowa pa intaneti anthu ali m'tulo, ndipo ndaona kuti woponya sangapambane ngati anzake omenya mpira akulephera. Mu 2018 Jacob deGrom wa New York Mets adapambana masewero 10 okha, kugonja 9, komatu ERA yake (avereji ya zigoli zomwe woponya amagoletsa pa masewero amodzi athunthu; ikachepa ndiye bwino) inali 1.70 yokha. Atolankhani 29 mwa 30 ovotera mphotoyi adamuika patsogolo, ndipo sadalakwitse.

Bungwe la atolankhaniwa, BBWAA, lilamule kuti wovota aliyense azilemba poyera zifukwa zomwe wasankhira munthu wake, tizimuyeza nazo ifenso oonera.

Wokonda baseball