Kalata kwa mwana wanga: foda ya pa seva izilumikizika yokha kompyuta ikayaka

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino, amayi ako akukupatsa moni. Uthenga wako wa pa WhatsApp ndauwerenga, koma yankho lake ndi lalitali, ndiye ndati ndilembe kalata.

Ukuti makompyuta a Ubuntu a m'chipinda cha aphunzitsi kusukulu kwanuko amataya foda ya pa seva akangozimitsidwa, moti m'mawa umazungulira makina onse kulemba command ya mount yoilumikizanso. Ukutinso mzere umene unaika mu /etc/fstab, fayilo youza kompyuta ma disk ndi mafoda oti ilumikize ikamayaka, umagwira masiku ena, ena ayi. Ine ndikuganiza kuti umakana makamaka magetsi akathima n'kubweranso. Aphunzitsi amayatsa makompyuta nthawi yomweyo, ndipo kompyuta ya SSD (disk yothamanga) imakhala itakonzeka m'masekondi ochepa, pamene rauta ikadali kugawa maadiresi ndipo seva ikadali kuunika ma disk ake. Kompyuta ija imachita ngati mlendo wolawirira: waodira kamodzi eni nyumba ali m'tulo, sanayankhidwe, wabwerera, ndipo sabweranso tsiku limenelo. Choncho uletse kompyuta kufunafuna seva pa nthawi yoyaka, izimufuna pokhapokha munthu akatsegula fodayo.

Yamba ndi zing'onozing'ono. Ona kuti cifs-utils, pulogalamu yolumikizira mafoda a pa seva, ilipo pa kompyuta iliyonse, panga foda yopanda kanthu monga /mnt/aphunzitsi, ndipo seva uipatse adiresi yosasintha. Rauta zambiri zili ndi pomangirira adiresi imodzi ku makina amodzi. Ukasiya izi, tsiku lina seva idzadzuka ili ndi adiresi ina ndipo mzere wako udzakhala ukuloza chosindikizira.

Pasiwedi usaiike mu fstab, ngakhale anzako ambiri amatero. Fayilo imeneyo aliyense wolowa pa kompyutayo angathe kuiwerenga, ndipo ana a sukulu chidwi sichiwasowa. Panga fayilo ina, tiyeni tinene /root/.smbcred, ulembemo mizere iwiri, wina username= wina password=, kenako uitseke ndi chmod 600 kuti root, admin wa kompyutayo, yekha aziiona. Akaunti yoikamo isakhale ya admin wa seva. Upange ina yongofika pa foda ya aphunzitsi basi, kuti kompyuta imodzi ikabedwa isapite ndi makiyi a mayeso ndi a ndalama za sukulu.

Mzere wa mu fstab ukhale wotere, wonse pamzere umodzi, koma adiresi ndi dzina la foda uike za seva yanu:

//192.168.1.10/aphunzitsi /mnt/aphunzitsi cifs credentials=/root/.smbcred,uid=1000,gid=1000,vers=3.0,nofail,x-systemd.automount,x-systemd.mount-timeout=30 0 0

Mawu amene akuthetsa vuto lako ndi x-systemd.automount. Ubuntu wakhala akuyaka kudzera mu systemd, pulogalamu yoyendetsa kuyaka kwa kompyuta, kuyambira 2015, ndipo ukalemba mawuwa systemd amangoika mlonda pa foda ija. Seva saikhudza mpaka wina atatsegula fodayo. Mphunzitsi akafika pa desiki, kulowa, n'kuyamba kufunafuna fayilo yake, seva imakhala itadzuka kale. Ikakhala isanadzuke, angodikira pang'ono n'kutsegulanso, zilumikizika popanda kukuitana iwe.

Ambiri adzakuuza kuti wonjezera _netdev basi zatha. Kuikapo sikulakwa, koma systemd amadziwa kale kuti foda ya mtundu wa cifs, monga talembera mu mzere uja, ndi ya pa netiweki. Komanso mawuwo amangodikira kuti kompyuta yako ilowe pa netiweki, za seva alibe nazo ntchito. Netiweki ingathe kukhalapo seva ikadali chigonere. Koma nofail usamuiwale, ndi amene amauza kompyuta kuti ipitirire kuyaka ngakhale fodayo itakanika. Za mount-timeout=30 ndi zoti isadikire kupyola masekondi 30. Nambala za uid ndi gid, zimene zimanena mwini mafayilo ndi gulu lake, uzitsimikize ndi command ya id. Pa Ubuntu munthu woyamba kulembedwa amakhala 1000, koma aphunzitsi akamalowa ndi akaunti ina nambala imasiyana, ndipo adzaona mafayilo koma kusunga kudzakana. Dzina la foda ya pa seva likakhala ndi mpata pakati, pa mpatapo ulembe \040, chifukwa fstab amaona mpata ngati malire a gawo.

Usanakhudze fstab, ikopere kaye pambali. Ukatha kulemba usathamangire kuzimitsa kompyuta. Lemba systemctl daemon-reload, kenako findmnt --verify, kenako mount -a, uone ngati palibe chodandaula. Kulakwitsa pa mzere wa disk ya m'kati mwa kompyuta kungathe kuigwetsera mu emergency mode, ndiye mizere imene unaipeza kale uisiye momwe ilili. Kuyesa kwenikweni n'kotere: zimitsa seva dala, yatsa kompyuta, uone ngati yafika polowera osachedwa. Kenako yatsa seva, dikira idzuke, tsegula foda. Ambiri amayesa seva ili yoyaka kale n'kumati zatheka.

Zikakana, werenga uthenga wake bwinobwino, ndipo dmesg ndi journalctl -b amafotokoza zochuluka. Error 13 ndi nkhani ya dzina kapena pasiwedi. Error 112, amene amati Host is down, amanamiza, chifukwa kawirikawiri seva imakhala ili moyo koma seva ndi kompyuta sizikugwirizana mtundu wa SMB, chilankhulo chogawirana mafayilo pa netiweki, woti zilankhulirane.

Pamenepa ndikuchenjeze kwambiri. Ukafufuza pa intaneti upeza anthu akuti lemba vers=1.0, kutanthauza SMB1, ndipo n'zoona kuti seva yakale imavomera pompo. Usatero. SMB1 ndi imene vairasi ya WannaCry inadzeramo mu May 2017, kutseka mafayilo m'makompyuta a m'maiko ambiri, mpaka zipatala za boma za NHS ku Britain zinabweza odwala. A Samba, opanga pulogalamu ya SMB ya pa Linux, anaitseka mu 2019 pa mtundu wa 4.11, moti siyaka pokhapokha munthu ataiyatsa dala. Ngati seva yanu imangodziwa SMB1, uze akuluakulu a sukulu kuti ikonzedwe kapena igulidwe ina, ndipo uwalembere pa pepala kuti nkhaniyo ikhale ndi umboni. Ukamapempha zimenezo upempherenso UPS (batire yopereka magetsi akathima) ya seva ndi rauta, chifukwa seva yothimathima mwadzidzidzi sichedwa kuononga mafayilo.

Konza kompyuta imodzi yokha poyamba, uione sabata yonse, magetsi athime kangapo ili chomwecho, kenako ndiye ukopere mzerewo ndi fayilo ya pasiwedi ku zinazo. Ngati pali malaputopu a Wi-Fi, ona kuti netiwekiyo yaikidwa kuti ndi ya onse ogwiritsa ntchito makinawo, apo ayi imalumikiza pokhapokha mwini wake atalowa.

Zikavuta unditumizire chithunzi cha uthenga wa error, koma ubise pasiwedi. Amayi ako akufunsa ngati ubwera pa holide ikubwerayi.

Ndine bambo ako.