Helemeti tivale inde, koma za fayinizo ayi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzi yanuyi ndiyankhulepo pa mtsutso womwe wavuta pakati pa ife a Chichewa kuno ku Harare, woti kodi munthu wopalasa njinga azikakamizidwa kuvala helemeti kapena ayi. Nkhaniyi yafika mpaka kumisonkhano ya sosaite ya maliro, ena akuti apolisi azigwira aliyense wopalasa mutu uli pamtunda, ena akuti aaa helemeti ndi za mabwana a ku Borrowdale opalasa Loweruka m'mawa pofuna kuphwetsa mimba. Ine ndimapalasa kuchoka ku Mufakose kupita kuntchito ku Workington, nde maganizo anga ndi awa, helemeti tivale ndithu, koma zoti munthu azilipitsidwa fayini chifukwa alibe ndikukana.

Ndiyambe ndi abale anga amene amati chisoti chimenechi n'chachabe. Tengani helemeti muyang'ane m'kati, mupeza ndi kaylite, pulasitiki wopepuka wonga thovu yemwe uja ankatiikiramo tchipisi asanamuletse mu 2017, kungoti uyu ndi wokhuthala komanso wolimba. Ntchito yake ndi yoti aphwanyike iyeyo m'malo mwa chigaza chanu, akamafinyika mutu umaima pang'onopang'ono ndipo ubongo sugunda kwambiri fupa m'katimo. Malume anga ena anagwa chogwa wamba, panalibe galimoto, taya lakutsogolo linalowa mu dzenje lodzaza madzi a mvula iwo n'kukamenyetsa mutu pa simenti ya m'mphepete mwa msewu. Anadzuka okha, anasasa fumbi, kunyumba anafika akukankha njinga yawo mpaka nsima anadya, kungoti ankati mutu ukuwawa. Usiku anayamba kusanza, kuwadzutsa osadzuka bwino, kuchipatala anatiuza kuti magazi amatuluka m'kati mwa chigaza nthawi yonse ija ife tikuti ali bwino. Anapulumuka koma mpaka lero mawu amatuluka movutikira ndipo ntchito anasiya. Nde pomwepa ndipemphe, munthu akamenyetsa mutu kenako n'kuyamba kusanza, kusinza kapena kulankhula zosagwirizana, musamupatse panado n'kumugoneka, thamangani naye.

Izi si zanga ndekha. Mu 2016 ofufuza a ku yunivesite ya New South Wales ku Australia anasonkhanitsa akafukufuku 40 okhudza opalasa njinga oposa 64,000 omwe anachita ngozi, ndipo anapeza kuti helemeti imachepetsa kuvulala koopsa kwa m'mutu ndi pafupifupi 70 peresenti. Ameneyo ndi umboni wokwanira kwa ine.

Koma amene akukuwa kuti lamulo lamulo nawonso amve. Helemeti ya njinga yakapalasa amaiyesa poigwetsa kuchoka pamtunda wa mita imodzi ndi theka kapena awiri, liwiro la pafupifupi makilomita 20 pa ola. Anaipangira munthu wogwa. Kombi ikakuwomba kumbuyo pa High Glen Road ikuthamangira anthu oima kutsogolo, hwindi, kondakitala uja, ali lendelende pachitseko, kachisoti kaja sikateteza msana, chifuwa kapena chiuno. Aliyense wopalasa mu Willowvale kapena Simon Mazorodze nthawi ya 5 koloko madzulo akudziwa chomwe timaopa, mushikashika (takisi yozemba lamulo) wongokhotera pomwe wafuna osapereka sigino, chitseko chotsegulidwa mwadzidzidzi, maloboti ozima magetsi akapita, lole yodutsa pafupi mpaka mphepo yake kukukankhira kutchire. Lamulo la helemeti silikhudza ngakhale chimodzi mwa zimenezi, limangopangitsa kuti munthu akagundidwa funso loyamba likhale loti anavala kodi, woyendetsa uja osafunsidwa kanthu.

Maiko ena anayesa kale. Chigawo cha Victoria ku Australia chinakhazikitsa lamuloli mu 1990, New Zealand inatsatira mu 1994. Ovala anachuluka inde, koma atawerenga opalasa m'misewu ya ku Melbourne anapeza kuti achinyamata ambiri angosiyiratu njinga, ndipo mpaka pano akatswiri akukanganabe kuti mitu yosweka inachepa chifukwa cha zisoti kapena chifukwa opalasawo anachepa. Pafupi pompa ku South Africa lamulo lilipo kuyambira 2004, koma amene munapitako ku Joni munaona nokha kuti m'malokesheni ambiri akupalasa opanda kanthu kumutu. Pomwe ku Netherlands, dziko lomwe njinga ndi zambiri kuposa anthu, lamulo lotere kulibe, amayi amapalasa ndi ana awiri panjinga ovala helemeti n'ngowerengeka, koma ndi limodzi mwa maiko omwe wopalasa ali wotetezeka kwambiri. Anachita kumanga tinjira ta njinga totalikirana ndi galimoto n'kuchepetsa liwiro m'malo okhala anthu, anthu atachita zionetsero m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cha ana omwe ankafa pamsewu.

Chomwe chimandipweteka n'choti Harare tinjira totere anali nato. Amene munakula kale mukukumbukira, m'mbali mwa misewu yambiri munali kamsewu ka phula ka njinga zokha, madala athu ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu ankapalasamo m'bandakucha kupita kumafakitale. Lero pena pamera udzu, pena pakumbidwa mapaipi osakwiriranso, pena aimikapo makombi, pena mayi wayala tomato poti naye akusaka ya ndiwo. Nde wanjinga amakakamizika kulowa mumsewu waukulu kukalimbana ndi magonyeti, malole akuluakulu aja.

Ndiye taganizani, amapalasa njinga mu Harare muno ndani? Ndi mlonda wochoka ku Epworth kapena ku Dzivarasekwa dzuwa likulowa, yunifolomu ili m'kati mwa jekete, kachitini ka nsima kamangidwa ndi lekeni pakaliyala, kumutu chipewa cha ulusi chifukwa cha chisanu cha mu June. Ndi wa m'galadeni, ndi mnyamata wonyamula makireti a buledi, ndi agogo opita kukadimba. Anthu amenewa sanasankhe njinga chifukwa chokonda masewera, akuthawa mtengo wa kombi womwe umakwera mvula ikangoti waa. Mukamuimitsa munthu wotere pa lodibuloko n'kumulipiritsa, mwamulanda ndalama yomwe akanagulira helemeti yomweyo, mawa adzadzera njira zachidule za mumdima pothawa apolisi, kapena adzagula chilichonse chooneka ngati chisoti bola asagwidwe. Ndaonapo kale ena atavala zipewa zolimba za omanga nyumba, zimene zija anapangira njerwa yogwa kuchoka pamwamba ndipo munthu akagwa zimathothoka iye asanafike pansi.

Ngati pakufunikadi lamulo, lipite kwa olemba ntchito. Kampani ikatha kupatsa mlonda yunifolomu, ndodo ndi njinga, ilephere bwanji kumupatsa helemeti, kavesiti konyezimira ndi nyali ziwiri, yoyera kutsogolo yofiira kumbuyo? Chimodzimodzi otumiza anyamata kukagawa katundu. Khonsolo nayo iyambe ndi kulambula ndi kumata tinjira takale tija, makamaka topita ku Workington, Southerton ndi Graniteside komwe opalasa ndi ambiri. A Traffic Safety Council of Zimbabwe akamaphunzitsa madalaivala awauzenso za mpata wosiyira wanjinga podutsa, si kungotiuza ife kuti tivale zowala.

Kwa anzanga opalasa, helemeti yopachika pa handulo kapena yovala lamba ali lendee sikuthandiza. Ikhale mowongoka, zala ziwiri zokha pamwamba pa nsidze, osati yopendekera kunkhongo, lamba akhwime moti pansi pa chibwano palowe chala chimodzi kapena ziwiri basi. Ikamenyedwa pansi kamodzi mwamphamvu yatha ntchito olo kunja ikuoneka yabwino, n'chifukwa chake za m'mabelo a kaunjika muziyamba mwaziyang'ana m'kati ngati mulibe mng'alu. Ana ndiye asamakwere n'komwe opanda, kaya akupalasa okha kaya mwawakweza pakaliyala popita kusukulu, pamenepo lamulo ndinu makolo.

Ndipo ndikupempha atsogoleri a masosaite athu a maliro ndi a mipingo ku Mbare, Highfield, Mabvuku ndi Tafara, mwezi ndi mwezi timasonkha ya bokosi ndi thiransipoti, tiyeni pamsonkhano ukubwerawu tiikepo mfundo yoti sosaite igule zisoti ndi nyali zambiri pakamodzi mtengo utsike, mamembala opalasa azibweza pang'onopang'ono limodzi ndi chopereka cha pamwezi.

Ine wanu,
Wopalasa njinga wa ku Mufakose, Harare