Lipoti la nthumwi zomwe zinapita ku Tete pa nkhani ya chakudya cha asilikali

A tcheyamani, amayi ndi abambo a gulu lathu la alimi kuno ku Ulongué, munatituma kukamva zimene oyang'anira chakudya cha asilikali akufuna kwa alimi ofuna kuwagulitsa zokolola. Pamsonkhanopo panali ophika, wosunga katundu, ndi asilikali ena amene amadya chakudyacho.

Asilikali sanadandaule kwenikweni za kuchepa kwa nsima. Nkhani inakula pa nyemba. Nyemba zogonera chaka zikakhala m'nyumba ya malata, ndi kutentha kwa mumzinda wa Tete kuja, zimalimba moti ngakhale muziviike usiku wonse sizifewa msanga. Choipitsitsa n'kusakaniza zatsopano ndi zakale, kapena mitundu iwiri, m'thumba limodzi. Mumphika waukulu zina zimasanduka phala, zina zikadali gwa! Ophika amangosonkhezera moto, nkhuni zikutha, chakudya chachedwa, ndipo wochokera ku ulonda amapeza nsima itazizira kudikira ndiwo. Choncho thumba lililonse la makilo 50 likhale la mtundu umodzi, la chaka chino, lopetedwa bwino, lopanda miyala kapena zofumbwa. Oyang'anira chakudyawo adzatsegula matumba ena n'kuphika pang'ono asanalandire katundu.

Ufa wa mgaiwa umayamba kununkha msanga kukatentha chifukwa cha mafuta a mumtima wa chimanga. Chimanga chiume mpaka chinyezi chisapitirire 13 peresenti, apo ayi chichita chuku. Ufa usamangidwe m'thumba ukadali wotentha kuchigayo, ndipo uzitumizidwa kwa asilikali pang'onopang'ono.

Kachewere wathu wa kuno ku Angónia ndi wa ku Tsangano amamukonda chifukwa amasinthako kakomedwe ka ndiwo. Akumbidwe khungu litakhwima, asatsukidwe, ndipo afundidwe pagalimoto. Akakhalitsa padzuwa amabiriwira n'kuyamba kuwawa. Za mchenga wa mu kapenta wa ku Cahora Bassa anatchulanso, koma izo n'za asodzi.

Pa malipiro tisanamizane: gulu liyenera kukhala ndi NUIT (nambala ya msonkho), akaunti ya ku banki ndi fatura (chikalata chosonyeza katundu wogulitsidwa ndi mtengo wake), ndipo ndalama sizituluka tsiku lopereka katundu. Amene akufuna ndalama ya feteleza mwachangu aganize kaye.

Ife tikuona kuti tiyambe ndi nyemba ndi kachewere basi. Ufa udikire mpaka tipeze posungira pabwino. Pamsonkhano ukubwerawu aliyense adzanene matumba a nyemba za chaka chino amene angathe kupereka, ndi mtundu wake.