Chitseko cha galaja chikakana, musathamangire mgwala

Akonzi,

Ndithokoze pondipatsa danga. Ine ndine wa geni ya mbatatesi kuno ku Bembeke, m'boma la Dedza. Ndimagula kwa alimi a kuno ndi ku Lizulu n'kukagulitsa ku msika wa Wakawaka ku Lilongwe. Ndalemba kalatayi chifukwa cha zala ziwiri za mwana wa mlongo wanga, zimene zidathyoka pakhomo panga mu July 2024, ndipo wolakwa ndidali ine.

Galaja yanga ili ndi chitseko chachitsulo chokulungika m'mwamba, chimene amisiri amachitcha roller shutter, chonga chimene mumachiona pa mashopu ambiri a m'mbali mwa msewu wa M1. Ndidayikitsa mu 2017. Madzulo ndimapakiratu matumba m'kagalimoto kanga n'kukatsekera m'galajamo kuopa akuba, kuti cha m'ma 3 koloko m'bandakucha ndizingoliza n'kunyamuka. Wofika mochedwa ku Wakawaka amapeza amayi oguliratu atamaliza kale ndalama zawo kwa ena.

Usiku umenewo tidamva chiphokoso ngati kuphulika kwa tayala. Mayi akunyumba adati, "Bambo, imeneyo si mfuti?" Ndidatuluka ndi tochi, ndidazungulira mpanda wonse, osaona kanthu, agalu ali phee. Ndidabwerera kukagona. M'bandakucha ndidatsegula maloko onse awiri, kiyi akuzungulira bwinobwino, koma nditati ndikweze chitseko chidangoti nji, ngati wina wachiwotcherera pansi.

Apa m'pamene nzeru zidandithera. Ndidaganiza kuti ndi kuzizira. Amene adagonapo kuno mu June kapena July akudziwa kuti manja amachita kuuma, paja tawuni ya Dedza ndiyo ili pamwamba kuposa matawuni ena onse m'Malawi muno. Ndidadzutsa mwana wa mlongo wanga uja ndi anyamata awiri a ganyu. Tidalowetsa mgwala kunsi, chidanyamuka pang'ono. Tidaikapo jeke ya galimoto. Chidayamba kukwera, koma mopendekeka, kumanzere kukutsogola, kumanja kukutsalira, malata ake akulira. Mnyamatayo adati, "Malume, ndichigwirire uku chisapendeke." Ndidavomera. Jeke idaterereka pa simenti yonyowa ndi mame, chitseko chonse n'kubwerera pansi kamodzin'kamodzi, dzanja lake lili m'munsi. Mmalo mopita ku Lilongwe, tidabwereka galimoto ya aneba n'kuthamangira kuchipatala.

Masana ake kudabwera mmisiri wina wachikulire wochokera pa boma pa Dedza, amene adagwirako ntchito ya zitseko zoterezi ku Johannesburg. Sadakhudze n'komwe mgwala. Adalowera pa kachitseko kam'mbali, adakwera pa mpando, adawunika ndi tochi pa chitsulo chopingasa pamene chitseko chimakulungikira, n'kundiitana. Pa chitsulocho pali masipiringi awiri. Yakumanja idali itaduka pakati, mpata wake woti zala zitatu n'kulowa. Mfuti ija idali imeneyo.

Ndinene zoona, zaka 7 ndakhala ndikukweza chitseko chimenecho ndi dzanja limodzi, nthawi zina foni ili kukhutu, ndikumayesa kuti ndi mphamvu zanga. Chitseko changacho kulemera kwake n'kosachepera matumba awiri a simenti. Chimene chimanyamula ndi sipiringi. Mukamatseka, sipiringiyo imakungika n'kusunga mphamvu, ndipo mukamatsegula imabweza mphamvuyo, dzanja lanu n'longoperekeza chabe. N'chifukwa chake kawirikawiri imaduka chitseko chili chotseka, pamene yakungika kwambiri. Ikaduka imodzi, mbali imene kwatsala yamoyo ndiyo imakwera, ndiye kupendekeka kumene tinkaona kuja. Chitsekocho chinkatiuza vuto lake poyera, ife osamva.

Masipiringi wamba a zitseko za galaja amapangidwa kuti atsegule ndi kutseka maulendo pafupifupi 10,000. Ine ndimatsegula kanayi pa tsiku. Werengani nokha: pa chaka ndi maulendo 1,460, ndiye zaka 7 zisanakwane nambala ija yatha. Sidalodzedwe, idangokalamba. Onjezanipo nkhungu ya kuno imene imalowa paliponse n'kudyetsa chitsulo dzimbiri.

Mkuluyo adandiseka atapisa chala m'tinjanji ta m'mbali momwe chitseko chimayendamo. Mudali phala lakuda louma. Ine, poganiza kuti ndikusamala katundu, chaka chilichonse ndinkapaka girisi wa galimoto m'menemo, wambirinso. Girisi amagwira fumbi, ndipo fumbi la August mpaka October silisowa kuno. Zikasakanikirana n'kuzizidwa, zimalimba ngati phula. Ndiye chitseko chitayamba kulemera miyezi ingapo m'mbuyomo, ine ndinkati girisi wachepa, n'kuwonjezera wina. Tinjanjito timafunika kupukuta ndi kansalu ka parafini kuti tikhale toyera, timiyala ndi zitsotso za chimanga zichoke. Oyilo wopepuka pang'ono ndiye apite pa sipiringi kuti isachite dzimbiri.

Kwa anzanga a mashopu ku Lizulu, ku Tsangano Turn-off, ku Chimbiya ndi pa boma pa Ntcheu, amene m'mawa uliwonse mumagwada n'kukoka zitseko zoterezi, nazi zimene ndidaphunzira mochedwa. Chikakana, yambani mwaona zazing'ono: kodi maloko onse atsekukadi, ndipo timipiringidzo ta loko wapakati tabwerera mbali zonse ziwiri? Nthawi zina kamodzi kamatsalira m'bowo. Yang'anani ngati galimoto kapena ngolo sidagunde kanjanji n'kukapinda, kapena ngati lata limodzi silidatuluke m'njira yake. Zimenezo munthu ungathe kuona wekha. Koma ngati zonsezi zili bwino, chitseko n'kumalemera ngati mwala, kapena chikukwera mbali imodzi, makamaka ngati mudamva kuphulika, chisiyeni chili pansi pomwepo. Musalole mwana aliyense kuika dzanja kapena mutu kunsi kwake. Ndipo musakwere ndi sipanala kukamasula mabawuti a sipiringi yotsalayo. Imaoneka yogona koma yakungika, ikhoza kukuponyerani sipanala kumaso.

Pali kuyesa kwina kosavuta kumene mkuluyo adandionetsa titakonza. Kwezani chitseko kufika m'chiuno, muchisiye pang'onopang'ono mapazi ali kutali. Ngati masipiringi ali bwino chimaima pomwepo kapena kungosuntha pang'ono. Chikamathamangira pansi, ayamba kufooka, itanani mmisiri tsiku lomwelo, lisanafike la mfuti.

Alamu anga ku Lilongwe ali ndi cha magetsi, chotsegula ndi rimoti, ndipo ankandinena kuti ndine wotsalira. Iwonso chidawakanirapo kawiri. Koyamba lidali batire la rimoti basi, kachiwiri magetsi adazima ndipo sankadziwa kuti kachingwe kofiira kolendewera pa njanji ya mota ndi komasulira kuti munthu akweze ndi manja. Kachingweko n'kokoka chitseko chili chotseka, chifukwa ngati sipiringi yaduka, chili m'mwamba, chimagwa chonse. Motayo nayonso sinyamula chitseko payokha. Mukamaikakamiza sipiringi itaduka, mudzagula zinthu ziwiri.

Dandaulo langa lipite kwa amisiri amene amatiwotcherera ndi kutiikira zitsekozi. Amene adandiikira ine adalandira ndalama yake, adandipatsa makiyi, n'kumapita. Sadanene liwu limodzi lokhudza sipiringi, kapena zaka zimene imakhala, kapena za girisi. Mphindi zisanu zikadakwana. Ndipemphenso a TEVETA ndi aphunzitsi a m'sukulu za ntchito zamanja kuti achinyamata amene akuphunzira kuwotcherera aziphunziranso kukunga ndi kusintha masipiringi amenewa mosamala, poti zitsekozi zachuluka m'matawuni athu ang'onoang'ono koma odziwa kuzikonza ndi owerengeka. Ine ndidachita mwayi kuti mkulu uja adalipo.

Masipiringi atsopano tidachita kuitanitsa ku Lilongwe, padapita masiku awiri. Ndidafuna kugula imodzi yokha kuti ndipulumutseko ndalama, mkuluyo adakana: adati masipiringi awiriwa adayamba ntchito tsiku limodzi, inayo yatsala pang'ono. Tidasintha onse. Mbatatesi zija tidazitulutsa thumba limodzilimodzi kudzera pa kachitseko kam'mbali n'kukweza galimoto ya hayala, phindu la ulendo umenewo lidathera pomwepo. Mnyamatayo adachira, koma chala chimodzi sichipindika bwino mpaka lero, ndipo mlongo wanga akabwera kudzacheza amadutsa pa galajapo osayang'anako.

Wa geni ya mbatatesi,
Bembeke, Dedza