Mwana wosasankhidwa asamayambirenso pansi

Akonzi,

Chaka chilichonse bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE likatulutsa mayina a ana amene asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, mawailesi amadzaza ndi madandaulo kwa sabata imodzi, kenako tonse timangoti zii mpaka chaka chinacho. Ine ndine mphunzitsi wopuma. Ndaphunzitsa Social Studies zaka 27 m'masekondale oyendera a m'boma lino la Zomba, ndipo ana amene ndinawaona akukhoza bwino MSCE koma n'kutsalira pakhomo sindingawawerenge. Ndiloleni ndifotokoze za ana awiri a m'banja mwathu, chifukwa pa iwowa ndi pamene ndinaonera chimene chikusoweka.

Woyamba ndi mtsikana, mwana wa mchemwali wanga. Anatsatira mayi ake ku Indiana, m'dziko la America, atangomaliza Fomu 4. Mayi akewo amasamalira okalamba, ntchito imene Amalawi ambiri a kumeneko amagwira, ndiye ndalama yolipirira yunivesite zaka zinayi panalibe. Mwanayo analowa pa koleji ya m'dera lawo, imene kumeneko amati community college. Makoleji amenewa ndi a boma, maphunziro ake ndi a zaka ziwiri, fizi yake ndi yotsika poyerekeza ndi ya ku yunivesite, ndipo safunsa kuti mwana akhale woposa anzake onse kuti alowe. Masana ankagulitsa m'sitolo, madzulo n'kukalowa m'kalasi, usiku n'kukagona kwa mayi ake. Anasankha sociology, maphunziro ofufuza mmene anthu amakhalira pamodzi ndi chifukwa chake amachita zimene amachita.

Dongosolo lake ndi limene ndikufuna aliyense alimvetse. Phunziro lililonse limene mwana wakhoza limamupatsa makirediti, kawirikawiri atatu. Digiri yoyamba imafuna makirediti pafupifupi 120. Pa kolejipo amasonkhanitsa 60, theka lenileni, n'kulandira pepala lotchedwa associate degree. Akapita ku yunivesite amapita nawo makirediti akewo ngati katundu wake, n'kukayambira chaka chachitatu. M'zaka ziwiri zoyambazo mtsikana uja anaphunzira kulemba Chingerezi cha maphunziro, masamu a kafukufuku, mbiri, ndi maziko a sociology. Sikuti zonse zinayenda myaa. Phunziro limodzi limene anatenga mongolikonda linakanidwa chifukwa silinali pa mndandanda umene koleji ndi yunivesite anagwirizana, ndipo ndalama yake inalowa m'madzi. Koma taonani: mndandandawo unalipo, wolembedwa, woti mwana aliyense angathe kuuwerenga asanalipire. Anangochita ulesi kukafunsa mlangizi wa ophunzira. Lero ali ndi digiri, ndipo pepala lake ndi lofanana ndi la amene anayambira pa yunivesitepo chaka choyamba.

Ndisanamizidwe kuti ndikuuza makolo agulitse munda kuti agule tikiti ya ndege. Ayi. Mwana wochokera kunja amalipira fizi yokwera kuposa wokhala konko, ndipo chitupa cha ophunzira sichimulola kugwira ntchito mwachisawawa. Mwana wa mchemwali wangayu zinamuyendera chifukwa mayi ake anali atakhazikika kale.

Tsiku lina ali chaka chachiwiri anandiimbira pa WhatsApp. Anati, "Amalume, aphunzitsi atiuza tifunse achikulire a kwathu za malo ndi banja. N'chifukwa chiyani agogo aamuna sanabzale mtengo wa mango ngakhale umodzi kwa agogo aakazi, koma kwawo anabzala yambiri?" Ndinaseka, kenako ndinakhala chete. Ndakhala m'mudzi wa chikamwini moyo wanga wonse, nkhani ya chikamwini ndi chitengwa ndinkaiphunzitsa m'kalasi, koma funso limeneli ndinali ndisanadzifunsepo. Mkamwini amadziwa kuti banja likatha kapena mkazi akamwalira, iye anyamula thumba lake n'kubwerera kwawo, mtengo n'kutsalira mbumba ya eni mudzi. Ndiye abzalirenji? Tinakambirana ola lathunthu za mwini mbumba, za munda umene umadutsa kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, za amuna amene masiku ano amagula malo awoawo kuti amange nyumba ya malata popanda mantha. Nditadula foni ndinaganiza za mbande zonse zimene ndaona zikugawidwa m'midzi n'kuuma. Wogawayo mwina ankadziwa bwino za nthaka ndi mvula, koma sanafunse kuti mundawo ndi wa yani.

Amene amati sociology ndi maphunziro a anthu osowa chochita abwere ku Zomba kuno. Ofesi yaikulu ya kalembera, National Statistical Office, ili mumzinda muno. Centre for Social Research ya yunivesite ya Malawi ilinso muno. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, inaphweranso kwambiri mu 2018, ndipo nthawi zonsezi funso silinali la madzi okha koma la asodzi a ku Kachulu ndi ku Chisi: apita kuti, ana awo asiya sukulu kapena ayi, akazi ogulitsa matemba adya chiyani. Namondwe wa Freddy atawononga mu 2023, anthu ena anabwerera kukamanga pamalo pomwe madzi anawakokolola, ndipo a m'tauni ankangoti ndi umbuli. Pamenepo pali manda a makolo, pali ufumu, pali dimba. Pofunika munthu wophunzitsidwa kumva zimenezi asanalembe ndondomeko.

Wachiwiri ndi mwana wanga weniweni. Anapeza mapointi 22, sanasankhidwe. Tinagulitsa nkhumba zinayi, ndinatenga ngongole ku SACCO ya aphunzitsi, n'kumulipirira dipuloma ya chitukuko cha m'midzi pa koleji ina yomwe si ya boma ku Blantyre. Zaka ziwiri anakhoza bwino. Atapita ndi mapepala ake ku yunivesite ina kuti apitirize sociology, anamuuza kuti maphunziro a kolejiyo sakuwadziwa, ayambire chaka choyamba. Zaka ziwiri zija, nkhumba zija, zonse ngati sanapiteko. Sindikuimba mlandu amene anamuyankhayo, chifukwa iwonso analibe pepala lililonse lowauza kuti phunziro ili likufanana ndi ili. Ndikudziwanso kuti khomo la mature entry, lolowera anthu okulirapo amene anamaliza sekondale kalekale, lilipo, ndipo ena a madipuloma amalowera pamenepo n'kudumpha chaka. Vuto ndi loti kholo limalipira fizi lisakudziwa ngati dipulomayo idzawerengedwa. Limadzadziwa ndalama itapita kale.

Tili nazo kale nyumba zoyambira. Kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma, otchedwa community technical colleges, ndipo ndi chinthu chabwino. Mmisiri wa matabwa ndi wowotcherera zitsulo timawafuna. Koma dzina lokha ndilo likufanana ndi a ku America aja, chifukwa athuwa alibe njira yoti mwana wofuna sociology ayambirepo n'kukamalizira ku yunivesite. Kuno tili ndi koleji ya Nasawa, tili ndi ya Domasi, pafupi pompa ku Chiradzulu pali Magomero imene yakhala ikuphunzitsa alangizi a chitukuko ndi osamalira anthu kwa zaka zambiri. Sociology ya chaka choyamba ndi chachiwiri siifuna labotale kapena makina okwera mtengo. Ifuna mphunzitsi wodziwa, mabuku, intaneti ndi mudzi woti mwana akafunseko mafunso, ndipo midzi sitikuisowa.

Mnzanga wina amene anaphunzira ku Chirunga kalekale, koleji ya Chancellor itangosamukira kuno mu 1973, anandiuza kuti zimenezi zingatsitse ulemu wa digiri. Nkhawa yake ndi yomveka, pakuti makoleji ena a m'makwalalamu ndi malonda chabe. Koma mankhwala ake ndi osavuta: yunivesite ikonze silabasi, ione mayeso, ndipo koleji yolephera muyezo isalowe m'mgwirizano. Ku California anachita kukhazikitsa lamulo mu 2010 loti mwana womaliza makirediti 60 ovomerezeka pa community college akhale ndi malo otsimikizika m'mayunivesite a California State. Sanasiye nkhaniyi m'manja mwa chifundo cha munthu wa mu ofesi.

Chimene sindingatsutse ndi chakuti malo a chaka chachitatu sangangomera okha ngati bowa. Mayunivesite a boma alipo asanu ndi imodzi, ndipo ndi odzaza. Komabe pitani ku Chikanda, pafupi ndi yunivesite ya Malawi, mukaone mmene ana a chaka choyamba akukhalira, anayi m'kachipinda kamodzi, lendi ikukwera temu iliyonse, ena akugona ndi njala podikira ndalama ya ngongole ya boma. Ambiri mwa amene amasiyira panjira sikuti mutu wakanika, koma malo ogona ndi chakudya. Mwana wa ku Mayaka kapena ku Jali akanaphunzira zaka ziwiri zoyamba akudya nsima ya kwawo, banja likanasunga mphamvu ya zaka ziwiri zomalizazo.

Pempho langa kwa a NCHE ndi akuluakulu a mayunivesite ndi laling'ono poyamba: tulutsani mndandanda, m'nyuzipepala ngati ino, wosonyeza kuti dipuloma yakuti ya pa koleji yakuti imalowetsa mwana chaka chakuti pa digiri yakuti. Yambani ndi sociology ndi maphunziro a chitukuko, muone mmene ziyendere.

Mwana wanga uja sabata ino ali ku Kachulu ndi tabuleti m'manja, akufunsa asodzi mafunso a kafukufuku wa bungwe lina pa ganyu ya masiku 20. Amadziwa funso limene asodzi ayankhe monama ndi chifukwa chake, ndipo madzulo amandifotokozera pafoni. Lipoti lidzalembedwa ndi wina wa digiri ku Lilongwe.

Mphunzitsi wopuma,
Chinamwali, Zomba