Kalata kwa makolo potseka teremu yachiwiri

Okondedwa makolo ndi onse olera ana athu,

Teremu yatha bwino ndipo malipoti ali m'manja mwa ana. Muwafunse, chifukwa ena amabisa m'chikwama mpaka tsiku lotsegulira.

Ena mwa inu munabwera ku ofesi kudzadandaula kuti ana a Fomu 3 akufika kunyumba ndi nkhani zoopsa za anthu ophedwa ku America. Ndinalonjeza kuyankha m'kalata.

Zinayambira pa phunziro la John Chilembwe. Mu 1897 iye anapita ku America ndi Joseph Booth, nakaphunzira pa sukulu ya ubusa ya anthu akuda ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, ndipo anabwerera mu 1900 kudzayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe. Mtsikana wina anafunsa aphunzitsi kuti kodi Chilembweyo anakapeza dziko lotani kumeneko. Ndinawalola aphunzitsi kuti ayankhe mosabisa.

Ukapolo kumeneko unatha mu 1865, koma kummwera kwa dzikolo magulu a azungu ankagwira munthu wakuda n'kumupachika pamtengo kapena kumuwombera, mlandu wake osafika kukhoti. Kaundula wa sukulu ya anthu akuda ya ku Tuskegee akuti mu 1892 mokha anthu 230 anaphedwa motero, 161 mwa iwo akuda.

Ana anakhalitsa pa nkhani ya mumzinda wa Memphis. Thomas Moss, Calvin McDowell ndi Will Stewart, onse akuda, ankayendetsa golosale yotchedwa People's Grocery, ndipo malonda ankayenda mpaka mzungu wa golosale yoyandikana nayo, William Barrett, anayamba kuluza makasitomala. Anyamata awiri, wakuda ndi woyera, anakangana pa masewera panja, akuluakulu n'kulowerera. Patapita masiku ochepa, azungu okhala ndi mfuti anafika pa golosaleyo usiku, kunamveka mfuti, ena mwa iwo n'kuvulala. Atatuwo anatsekeredwa. Mbandakucha wa pa 9 Malichi 1892, anthu obisa nkhope anawatulutsa m'ndende n'kukawawombera kunja kwa mzinda. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analangidwa. Moss, yemwe ankagwiranso ntchito yogawa makalata, anasiya mwana wamng'ono ndi mkazi woyembekezera.

Mnzawo wa banjali, Ida B. Wells, anali atagwirapo ntchito ya uphunzitsi ngati ife, ndipo panthawiyo ankalemba m'nyuzipepala ya Free Speech. Anayamba kufufuza imfa zoterezi imodziimodzi, napeza kuti mlandu wogwirira akazi achizungu, umene anthu ankauimba ngati chifukwa, nthawi zambiri unali wonamizira kapena sunatchulidwe n'komwe. M'mwezi wa Meyi chaka chomwecho ofesi yake inaphwanyidwa iye ali paulendo. Chilembwe ali ku Americako, pa 10 Novembala 1898, azungu a ku Wilmington ku North Carolina anatentha ofesi ya nyuzipepala ya mkonzi wakuda Alexander Manly, kupha akuda ambiri ndi kuchotsa mokakamiza akuluakulu a mzinda amene anasankhidwa pa voti.

Ndikumvetsa nkhawa yanu, ndipo zithunzi za mitembo sitinawaonetse. Koma phunzirolo sindilichotsa. Anawa amagwira ndalama ya K2,000 yokhala ndi nkhope ya Chilembwe, amapuma pa 15 Januwale, ndiye ayenera kudziwa dziko limene iye anakaphunziramo. Komanso ena mwa iwo anaonapo wakuba akuvekedwa tayala pamsika, kapena agogo akugendedwa kuti ndi mfiti. Kwathu kuno si nkhani ya khungu, zimenezo tinawafotokozera, komabe ndi iwo eni amene anazitchula m'kalasi aphunzitsi asanafikeko. Akakuyambani nkhaniyi pa tchuthi, musawatseke pakamwa.

Tsiku lotsegulira lalembedwa kumbuyo kwa lipoti. Amene muli ndi ngongole ya fizi, dzaonaneni ndi a komiti sabata yoyamba, ndipo mabuku a mulaibulale amene ana anabwereka abwere nawo tsiku lomwelo.

Ndine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu