Agogo amene ndimawasamalira anaiwala Chingelezi, kuntchito akuti ndi ovuta

Zikomo Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba kuno ku Melbourne, ku Australia. Ndangothapo miyezi isanu. Chandisowetsa tulo ndi nkhani ya agogo ena aakazi a zaka 88 amene ndimawasambitsa, kuwaveka ndi kuwadyetsa. Tonse timawaitana kuti Yiayia, ndiye kuti agogo m'Chigiriki.

Anafika kuno pa sitima yapamadzi ali mtsikana, nthawi ija anthu ambirimbiri a ku Greece ndi ku Italy ankasamukira ku Australia m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Mwana wawo akuti Chingelezi ankachilankhula bwinobwino, anagwira nacho ntchito m'fakitale mpaka kupuma. Lero chinawathawa. Ali ndi matenda oiwalaiwala aja a dementia, amene nthawi zambiri amayamba n'kufufuta zimene munthu anaphunzira atakula n'kumusiyira za ku ubwana. Ndiye pakamwa pawo panangotsala Chigiriki, ndipo pa ife ogwira ntchito palibe ndi mmodzi yemwe amene amachimva.

Sabata zitatu zapitazo anayamba kukuwa usiku, mawu amodzimodzi, "ponao, ponao". Anzanga ankangolemba mu lipoti kuti agogo akusokosa ndipo akukana kugona. Usiku wina ndinawalankhulitsa pafupi ndi foni yanga kuti indimasulire. Aphungu, mawu aja amatanthauza kuti "ndikumva kuwawa". Nditawavula sokosi ndinapeza chala chakumwendo chitatupa, chikhadabo chitalowa m'mnofu. Masiku anayi munthu akulira ndi ululu, ife n'kumati ndi wovuta. Ndinachita manyazi.

Chala chinapola, koma dzina loti ndi ovuta silinachoke. Akabwera mnyamata kudzawasambitsa, amamenya, pomwe ine sanandikwezerepo dzanja. Ndi amasiye, ndipo kwawo mayi wofedwa mwamuna amavala zakuda, ena mpaka moyo wawo wonse. Mukawaveka diresi ya maluwa amaikoka, kufuna kuing'amba. Lachitatu ndi Lachisanu amakankha mbale ikakhala ya nyama, chifukwa a mpingo wa Orthodox amasala nyama ndi zamkaka masiku amenewo. Chimandidabwitsa n'chakuti dzina la mdzukulu wawo analiiwala, koma akangomva kuti lero n'Lachisanu, amatseka pakamwa. Inenso ndinalakwitsapo. Tsiku lina pokonza m'chipinda ndinaika m'dirowa kachithunzi ka Mariya kamene kamakhala kumutu kwa bedi lawo. Anatha tsiku lonse osadya mpaka ndinakabwezera.

Tsopano ndamva akukambirana zopempha dokotala kuti awalembere mankhwala owafooketsa kuti asamavute. Apa m'pamene mtima wanga wakana. Bungwe lofufuza za kasamalidwe ka okalamba la Royal Commission, limene boma linakhazikitsa mu 2018 n'kutulutsa lipoti lomaliza mu 2021, linadzudzula kwambiri mchitidwe wogonetsa okalamba ndi mankhwala m'malo mofufuza chimene chikuwasautsa. Zimenezi anatiphunzitsa tikuyamba ntchito. Anatiuzanso za TIS National, omasulira a pafoni amene amapezeka usana ndi usiku, ndipo nyumba zolandira ndalama za boma zimawagwiritsa ntchito mwaulere. Nditawakumbutsa anesi aakulu, anandiyankha kuti munthu wa dementia ngakhale umumasulire palibe chimene chingamveke, komanso kuti anthu ndife ochepa, sitingasankhire aliyense womusambitsa. Za kuchepa kwa antchitozo n'zoona, sindikuwanamizira. Koma "ponao" uja anamveka.

China chondizunguza mutu ndi mwana wawo wamwamuna, amene ndiye amasaina mapepala onse. Iye anabadwira konkuno. Akuti zakudazo zimamumvetsa chisoni, tiziwaveka zowala, ndipo zosala kudyazo n'zachikale, mayi ake awonda, tiziwakakamiza. Pa za kuwonda sakulakwa, sikelo ikuonetsa. Ndinaganiza zoti wansembe wa mpingo wawo atabwera n'kuwauza m'chilankhulo chawo kuti wodwala saumirizidwa kusala, mwina angamumvere, kapena kukhitchini aziwaphikira zopanda nyama koma zopatsa mphamvu masiku awiriwo. Koma ndine ndani ine woti n'kuuza mwana wa eni mmene angasamalire mayi ake?

Ndikudziwa kuti kuli bungwe la boma loyang'anira ntchito yosamalira okalamba, la Aged Care Quality and Safety Commission, kumene munthu angakadandaule osatchula dzina. Vuto n'lakuti amene wakhala akulankhula za agogowa ndine ndekha, ndiye sipangavute kudziwa wanena. Ntchitoyi ndiyo ikundidyetsera ana awiri, ndipo ndikadali pa nthawi yoyesedwa.

Ndithandizeni, Aphungu. Kodi ndiyambe ndakhala pansi ndi mwana wawoyo, ngakhale kuti udindo umenewo si wanga? Kapena ndilembe kalata kwa abwana aakulu, ndiwadumphe anesi amene ndimaonana nawo tsiku lililonse? Nanga mwana akafuna china, mayi ake amene sangathenso kudzilankhulira akuonetsa ndi manja kuti akufuna china, ine ndimvere ndani? Dokotala akubwera Lachiwiri likudzali.

Ine wothedwa nzeru,
Melbourne